Kusintha Masitadi a Gudumu la Galimoto Pakhomo

Nkhani yathu ya lero iri ya kacitsulo kakang'ono, kotalika ngati cala ca munthu, kamene amisiri a magalimoto amati sitadi. Masitadi ndiwo mabauti aja amene amatulukira pa habu, ndiko kunena citsulo cozungulira cimene gudumu limakhalapo. Gudumu likalowa pa masitadi, timalimanga ndi manati. Galimoto yaing'ono iri ndi masitadi 4 kapena 5 pa gudumu liri lonse, ndipo magalimoto okulirapo ali ndi 6 kapena oposa pamenepo. Sitadi ikathyoka, munthu wamba angathe kuisintha yekha pakhomo pace osataya ndalama zambiri. Koma ayenera kudziwa bwino cimene akucita, pakuti gudumu lomangidwa mosasamala limathawa, ndipo likathawa silisankha womgunda.

Zitsanzo zathu tidzazitenga ku malokesheni a Harare, mzinda umene dzina lace linali Salisbury kufikira caka ca 1982. Makolo athu ambiri a ku Nyasaland ndi ku Northern Rhodesia anapita kumeneko kukafuna nchito, ena pansi, ena pa malole a Ulere, Citaganya cisanabwere ndiponso m'zaka zace za 1953 kufikira 1963. Ambiri sanabwerere, ndipo ana ndi adzukulu ao ali ku Mbare, lokesheni yakale koposa zonse imene inakhazikitsidwa mu 1907, ku Highfield, ku Mufakose, ku Mabvuku ndi ku Tafara. M'masiku amenewo anthu a m'lokesheni okhala ndi galimoto anali owerengeka. Ngakhale pamene kampani ya Ford inayamba kulumikiza magalimoto ku Willowvale mu 1961, anthu ambiri anali kuyendabe pa njinga ndi pa basi.

Lero zinthu zasintha. Magalimoto ocokera ku Japan, amene anagwirapo kale nchito kwao, adzaza miseu: Honda Fit, Toyota Wish ndi makombi a Toyota Hiace. Ambiri a iwo ndiwo amadyetsa mabanja, ndipo amayenda tsiku lonse atasenza anthu ndi katundu pa miseu yokumbika. Mu February 2021 Boma la Zimbabwe linalengeza kuti kuonongeka kwa miseu ya dzikolo kunafika pokhala tsoka la dziko lonse. Katundu wolemera ndi mseu wa maenje ndizo zimayesa gudumu koposa. Tsono popeza magalimoto omwewa ndiwo ali ku Ndirande ndi ku Kawale, ku Matero ndi ku Chawama, mau awa ali a ife tonse.

Cimene cimagwira gudumu

Anthu ambiri amaganiza kuti galimoto imakhala pa masitadi monga mphika umakhala pa mafuwa. Si conco ai. Taganizani za mwana wa sukulu amene wanyamula mabuku khumi cokhoma pakati pa zikhato zace ziwiri. Akawapanikiza, palibe buku limene ligwa. Akangolekerera pang'ono, onse amwazika. Gudumu limagwidwa momwemo. Pamene timanga nati, sitadi imakokeka pang'ono zedi, mosaoneka ndi maso, monga mphira ya legeni. Pofuna kubwerera mwakale, imapanikiza gudumu pa habu ndi mphamvu yaikulu, ndipo kupanikizika kumeneku ndiko kumasenza galimoto.

Mukamva bwino mfundo imeneyi, zotsala zonse sizibvuta. Sitadi iyenera kukokeka pa muyeso wace, osacepera ndiponso osapitirira. Cotero adani ace aakulu ali awiri: nati yolekerera, ndi nati yomangidwa mopitirira.

Nati ikalekerera, gudumu limayamba kusewera pa habu, ndipo sitadi imapindikira uku ndi uku nthawi iri yonse gudumu likazungulira. Tonse tidziwa kuti waya amathyoka tikamupindapinda pamalo amodzi. Gudumu la galimoto yaing'ono limazungulira koposa ka 500 pa kilomita imodzi. Pa ulendo wocokera ku Harare kunka ku Blantyre, kudzera ku Nyamapanda ndi ku Tete, umene uli wa makilomita pafupifupi 600, lidzazungulira ka 300,000. Palibe citsulo cingapirire kupindidwa kotere.

Kumanga mopitirira ndiko kumene tizolowera kuona m'mbali mwa miseu. Mphamvu yomangira nati imayesedwa ndi muyeso umene amisiri amalemba Nm. Magalimoto ang'ono ambiri a Toyota amafuna 103 Nm, ndipo a Honda 108 Nm. Mphamvu imeneyi ifanana ndi kupacika makilogalamu 35 ku mapeto a sipanala yotalika masentimita 30. Tsono bambo wolemera makilogalamu 70 akaimirira pa sipanala yomweyo, wamanga kawiri kuposa muyeso. Akalowetsanso paipi yotalika mita imodzi naimirira ku mapeto ace, wamanga koposa kasanu ndi kamodzi. Iye amacoka wokondwa, nati gudumu lalimba. Komatu sitadi yakokeka kufikira siingabwererenso, ndipo tsiku lina dzenje laling'ono lidzaimaliza.

Palinso zina zoononga. Nati yoyambitsidwa ndi sipanala kapena ndi makina a mpweya imalowa mopingasa ndi kudya mazinga, ndiyo mizere ija yozungulira sitadi. Dzimbiri ndi matope zotsala pakati pa gudumu ndi habu zimafumbutuka pa ulendo, ndipo manati amene anali olimba m'mawa amapezeka olekerera madzulo.

Zizindikiro za ngozi

Gudumu silithawa mosacenjeza. Cherani khutu ku kugogoda kumene kumafulumira pamene galimoto ikufulumira. Ciongolero cikayamba kunjenjemera m'manja, imani muone. Mizere ya dzimbiri yocokera pa nati kunka kunja, pfumbi la citsulo lonyezimira, ndi mabowo a gudumu amene akhala ngati dzira m'malo mwa kuzungulira bwino, zonsezi zitanthauza kuti gudumu lakhala likusewera. Nati imene ingozungulira osalimba, kapena yokana kulowa ndi zala, iri kukuuzani kuti mazinga aonongeka.

Ena amati, "Yathyoka imodzi yokha, zitatu zitifikitsa." Mau amenewa ngonyenga. Pa gudumu la masitadi 4, imodzi ikasowa, gawo limodzi mwa magawo anai a mphamvu yopanikiza lapita, ndipo otsalawo, amene anazunzika pamodzi ndi inzao ija, asenza katundu woposa. Cifukwa cace ndi bwino kusinthanso masitadi oyandikana ndi yothyokayo. Ngati gudumu linayenda lolekerera, kapena athyoka awiri, sinthani onse a gudumu limenelo pamodzi ndi manati ace.

Kugula sitadi yoyenera

Ku Harare zipangizo za magalimoto zimapezeka mu Kaguvi Street, ku Gazaland ku Highfield, ndi ku Siyaso ku Mbare. Kuli konse kumene mupita, cotsani sitadi yakale poyamba, muitenge m'thumba kuti mukafanizire. Zofaniza ziri zinai: kunenepa kwace, mazinga ace, kutalika kwace, ndi timano tija tokhala pansi pa mutu wace, timene timaluma m'bowo la habu kuti sitadi isazungulire.

Magalimoto ang'ono ambiri a ku Japan ali ndi masitadi onenepa mamilimita 12, koma mazinga ace amasiyana. A Toyota, Honda, Mazda ndi Mitsubishi amalembedwa M12 x 1.5, pamene a Nissan ndi Subaru amalembedwa M12 x 1.25. Ndi maso amaoneka ofanana, koma nati ya Nissan ikakakamizidwa pa sitadi ya Toyota, zonse ziwiri zimaonongeka. Manati naonso amasiyana pokhalira pace: a Honda ali ndi pokhalira pobulungira, ena ambiri ali ndi posongoka, ndipo a magudumu ena a aluminiyamu a Toyota ali ndi pafulati ndi wasala. Nati yosagwirizana ndi bowo la gudumu imagwira pang'ono pokha, nimasuka msanga.

Gulani sitadi yatsopano. Yocotsedwa pa galimoto yakufa ingathe kunyezimira itatsukidwa, koma palibe adziwa kuti inakokedwa kangati ndi paipi. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Musaike bauti wamba wa m'sitolo ya zomangira nyumba m'malo mwa sitadi, pakuti masitadi amapangidwa ndi citsulo colimba koposa, ndipo ambiri ali ndi nambala 10.9 pamutu. Dziwaninso kuti magalimoto ambiri a Volkswagen, Mercedes-Benz ndi BMW alibe masitadi. Magudumu ao amamangidwa ndi mabauti olowa mu habu, kotero njira imene tifotokoze siiwakhudza. Ndipo malole ena a ku Japan ali ndi masitadi a mazinga otembenuka ku mbali ya kumanzere, olembedwa L. Nati yace imamasuka mukaipotolera kumene zina zimalimbira.

Kacitidwe ka nchito

Konzeranitu zida izi: jeke, coimikira ca citsulo, sipanala ya magudumu, masipanala ena a buleki, hamala yolemera, mawasala okhuthala anai kapena asanu, nati yakale yobooka mbali zonse, bulashi ya waya, nsaru, ndi magalasi oteteza maso.

Coyamba, sankhani malo olimba ndi osatsetsereka. Mabwalo ambiri a m'lokesheni ali opanikizika ndi amcenga, cotero ikani thabwa lokhuthala pansi pa jeke. Lowetsani giya, ndipo tsekerani magudumu otsalawo ndi mitengo kapena miyala kutsogolo ndi kumbuyo. Ana acoke pafupi.

Caciwiri, masulani manati pang'ono gudumu likali pansi, kenaka kwezani galimoto. Ikani coimikira ca citsulo pa malo olimba a galimoto, ndipo gudumu limene mwacotsa muligoneke pansi pa galimoto cakumbali, kuti likalandire ngati cina cagwa. Jeke nchito yace ndi kukweza, osati kusunga. Njerwa musazikhulupirire, cifukwa zimaphwanyika mwadzidzidzi popanda kucenjeza.

Cacitatu, cotsani za buleki kuti habu ionekere. Kutsogolo, magalimoto ambiri ali ndi disiki, ndiyo mbale yacitsulo, ndi kalipa imene imailuma. Masulani mabauti a kumbuyo kwa kalipa, muimangirire ndi waya pa sipuling'i. Isalendewere ndi paipi ya mphira ya mafuta a buleki, pakuti paipiyo ikang'ambika m'kati buleki idzakukanani pa mseu. Kenaka cotsani disiki. Kumbuyo, magalimoto ang'ono ambiri ali ndi dilamu, cibakuli cacitsulo cobisa buleki. Tsitsani buleki ya pamanja kuti dilamu isololoke. Munthu ali yense asaponde buleki zinthu izi ziri kunja. Pfumbi la buleki musaliuzire ndi pakamwa, koma mulipukute ndi nsaru yonyowa, cifukwa mabuleki ena, makamaka akale, ali ndi asibesito, mwala uja wa ulusi umene unali kukumbidwa ku Zvishavane ndi ku Mashava, ndipo pfumbi lace limaononga mapapu.

Cacinai, tembenuzani habu kufikira mutu wa sitadi yoonongekayo ulunjike pa mpata wa kumbuyo, pamene ingatulukire. Njira yabwino koposa ndi kuikankha pang'onopang'ono ndi cida cimene amakanika amacotsera ball joint. Ngati mulibe, bvalani magalasi, ikani nati yakale ku nsonga ya sitadi, ndipo menyani molunjika kawiri kapena katatu ndi mphamvu. Ngati yathyokera pafupi ndi habu, ikankheni ndi kacitsulo kolunjika. Musakhalire kumenya nthawi yaitali, cifukwa nkhonya iri yonse imafika pa beringi ya gudumu, ndipo beringi njodula kuposa masitadi onse pamodzi.

Cacisanu, tsukani bowo ndi nkhope yonse ya habu ndi bulashi ya waya. Yang'anani bwino ngati pali mng'alu, kapena ngati bowo lakula. Lowetsani sitadi yatsopano kucokera kumbuyo, timano tace tigwirizane ndi tinjira ta m'bowo.

Cacisanu ndi cimodzi, kokerani sitadi m'malo mwace. Bvekani mawasala aja pa sitadi, mudonthezepo timafuta pakati pao, ndipo lowetsani nati yakale moti mbali yace yafulati ikhale pa mawasala. Pingani habu ndi citsulo kuti isazungulire, ndipo mangani natiyo pang'onopang'ono ndi manja. Mudzaona mutu wa sitadi ukuyandikira kumbuyo kwa habu. Ukangogona kwatunthu, lekani. Yesani kulowetsa kapepala pansi pa mutuwo; kakalowa, nchito isanathe. Pano mpofunika kudekha, pakuti sitadi yosakhazikika imadzakhazikika yokha pa ulendo, ndipo pamenepo nati imalekerera. Mukatha, tayani nati yakaleyo, ndipo pukutani mafuta onse pa mazinga.

Cacisanu ndi ciwiri, bwezerani disiki kapena dilamu, ndi kalipa, ndipo limbitsani mabauti ace bwino. Musanayendetse galimoto, pondani buleki kangapo kufikira italimba ku phazi.

Kumanga manati

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, pakuti sitadi yatsopano ingaonongeke tsiku lomwelo ndi dzanja losadziwa. Pukutani kumbuyo kwa gudumu kuti pasakhale dzimbiri kapena dothi. Mazinga akhale oyera ndi ouma. Musapakepo girizi kapena mafuta, cifukwa muyeso wolembedwa m'buku la galimoto uli wa mazinga ouma. Pa mazinga oterera, mphamvu yomweyo imakoka sitadi mopitirira.

Yambitsani nati iri yonse ndi zala, izungulire kangapo yokha popanda kukakamiza. Ikakana, ibwezeni muone cifukwa cace. Mangani modumphitsa, osati motsatana: pa gudumu la manati 4, mangani imodzi kenaka yoyang'anana nayo, pa la manati 5, dumphani imodzi nthawi zonse, monga mwana ajambulira nyenyezi. Kutero kumakhazika gudumu pakati penipeni. Limbitsani pang'ono galimoto ikali m'mwamba, itsitseni, ndipo malizani iri pansi.

Cida coyenera ndi sipanala yoyesa mphamvu, imene amati torque wrench; imalira "ke" muyeso ukakwana. Muyeso wa galimoto yanu uli m'buku lace. Ngati cidaci mulibe, gwiritsani nchito sipanala ija inabwera ndi galimoto, imene anaipanga yaifupi dala, ndipo mangani ndi manja okha, popanda phazi, popanda paipi. Mukatero pitani pang'onopang'ono ku garaja imene iri ndi cidaco akakuyesereni. Mukayenda makilomita 50 kufikira 100, yesaninso manati onse. Lamulo limeneli ligwira nchito nthawi iri yonse gudumu lacotsedwa, ngakhale pomata tayala cabe. Ndipo mnyamata womata matayala akafuna kutenga paipi, muuzeni mwaulemu kuti, "Acimwene, manja okha akwanira."

Pamene nchito iri ya mmisiri

Munthu wanzeru amadziwa polekezera. Ngati sitadi yatsopano ikulowa m'bowo mosabvuta kapena ikuzungulira m'menemo, bowo latha, ndipo habu iyenera kusinthidwa. Ena amaotcherera mutu wa sitadi ku habu ndi moto wa welodala. Kumeneku ndi kubisa matenda, pakuti moto umafooketsa citsulo. Ngati habu iri ndi mng'alu, kapena mabowo a gudumu akula, masitadi atsopano sangathandize kanthu. Gudumu lotero lidzawadyanso.

Pa magalimoto ena, monga a Honda ambiri ku magudumu akutsogolo, kumbuyo kwa habu kulibe mpata wokwanira kuti sitadi ituluke kapena kulowa. Pamenepo habu iyenera kucotsedwa ndi makina okankhira, ndipo kawirikawiri beringi imasinthidwanso. Musaseme mutu wa sitadi kwambiri kuti ilowe mokakamiza, cifukwa mutuwo ndiwo umagwira. Tengani galimoto kwa makanika wodziwa, ndipo musacite manyazi kufunsa. Safunsa anadya phula. Inu eni makombi ndi magalimoto onyamula anthu, kumbukirani kuti katundu wanu ndi ana a eni ace. Yang'anani manati m'mawa uli wonse musanayambe nchito.

Mau otsiriza

Tsono tiyeni tikumbukire mfundo zazikulu. Gudumu limagwidwa ndi kupanikizika, ndipo kupanikizika kumadza ndi nati yomangidwa pa muyeso wace. Sitadi ikathyoka musayende nayo. Gulani yatsopano yofanana ndi yakale, ikhazikeni kufikira mutu utagona, mangani modumphitsa pa mazinga ouma, ndipo yesaninso mutayenda pang'ono.

Sipanala yoyesa mphamvu ingaoneke yodula kwa munthu mmodzi, koma mutu umodzi susenza denga. Makolo athu ku Mbare ndi ku Highfield anadziwa kusonkherana m'mabungwe ao a maliro, kuti mlendo womwalira kutali ndi kwao aikidwe mwaulemu. Eni magalimoto asanu kapena khumi a mseu umodzi angathe kusonkherana momwemo, nagula cida cimodzi cokhala kwa mmodzi wa iwo, kuti ali yense wocotsa gudumu adzicibwereka. Gudumu lothawa pa mseu wa m'lokesheni limapeza amai ogulitsa tomato m'mbali mwa njira ndi ana ocokera ku sukulu, anthu amene sanakwere galimotoyo ndipo sanagwire sipanala. Moyo wao uli m'manja mwa iye amene amanga nati.

Tsalani bwino nonse, ndipo muyende bwino pa miseu.